RAM imagwira yokha, musaimate ndi guluu

Achimwene, mwafunsa ngati RAM ya m'kompyuta yanu ya pa desiki, kachipangizo kamene kamasunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito, imafunika kumangidwa ndi sikuluwu kapena kumatidwa ndi guluu, popeza chiyambire pamene munasamuka nayo pa galimoto, ikumangolira mukaiyatsa koma osaonetsa chilichonse pa sikirini. Ndaona kuti wina wakulangizani kuti muimate. Chonde musatero, chifukwa guluu akalowa m'kati mwa slot (mpata umene RAM imalowamo), motherboard yonse (bolodi lalikulu pamene pamalumikizidwa zipangizo zonse za kompyuta) ikhoza kuwonongeka, pamene vuto lanu mwina ndi lakuti RAM yagwedezeka panjira ndipo sinakhazikike bwino.

RAM ya kompyuta ya pa desiki, imene imatchedwa DIMM, inapangidwa kuti izilowa ndi kutuluka ndi manja okha. Kumapeto onse awiri a slot kuli timakilipi ta pulasitiki. Mukatitsegula ndi kukankhira RAM pansi molunjika, timakilipito timadzitseka tokha ndi kulowa m'malo odulidwa amene ali m'mbali mwa RAM, ndipo mumamva kaphokoso kakang'ono. Komabe si timakilipito tokha timene timagwira. M'kati mwa slot muli tizitsulo tambirimbiri totanuka timene timapana timano tagolide ta RAM mbali zonse ziwiri, timano 240 pa RAM ya mtundu wa DDR3 ndi 288 pa ya DDR4 ndi DDR5, ndipo kupana kumeneku ndiko kumachititsa kuti RAM ikhale yolimba kulowa. Anthu ambiri amaopa kukankha, amasiyira panjira, kenako n'kukankhira timakilipi ndi chala kuti tioneke ngati tatseka. Apa ndi pamene pamayambira mavuto ambiri amene ndakumana nawo. Kilipi iyenera kutsekeka chifukwa RAM yafika pansi, osati chifukwa mwaikakamiza.

Choncho zimitsani kompyutayo, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsala athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi la kompyutalo musanakhudze chilichonse, kuti magetsi a m'thupi mwanu asapweteke tizipangizo ta pa RAM. Tsegulani timakilipi, ndipo mudzaona kuti RAM ikukwera yokha pang'ono, chifukwa kumunsi kwa kilipi kuli kaphazi kamene kamaitukula. Igwireni m'mbali, osati pa timano tagolide. Ngati mu slot muli fumbi, lichotseni ndi mpweya kapena burashi yofewa ndi youma. Pobwezera, yang'anani malo odulidwa amene ali pakati pa timano ndipo muwalunjikitse ndi kachitunda ka m'kati mwa slot, kenako kankhani ndi zala zazikulu ziwiri kumapeto onse awiri.

Malo odulidwawo sali pakati penipeni, ndipo anachita dala. Bungwe la JEDEC, limene limakhazikitsa miyezo ya RAM, linaika malowa posiyana pa mtundu uliwonse kuti munthu asalowetse RAM chotembenuza kapena kuika mtundu wolakwika. DDR2 ndi DDR3 zonse zili ndi timano 240, koma sizilowa m'malo amodzi, ndipo mphamvu ya magetsi imasiyananso: DDR3 imagwiritsa ntchito 1.5V, DDR4 1.2V, ndipo DDR5 1.1V. RAM ikakana kulowa ngakhale mwailunjikitsa bwino, imeneyo si ya makina anu, ndipo musaipale kapena kuimenya kuti ilowe.

Mwatchulanso kuti kilipi imodzi sikutseguka ndipo mukuganiza zoitukula ndi screwdriver. Yambani mwaiyang'anitsitsa. Pa ma motherboard ambiri amakono kilipi imatseguka mbali imodzi yokha, ndipo mbali ina ndi yokhazikika, kuti munthu athe kuchotsa RAM popanda kuchotsa kadi yaikulu ya zithunzi imene imakhala pafupi. ASUS imatcha njira imeneyi Q-DIMM. Pa slot yotere, lowetsani RAM molunjika ndi kutsimikiza kuti mbali yokhazikikayo yafikanso pansi, chifukwa ndi mbali imeneyo imene imatsalira m'mwamba munthu osazindikira. Screwdriver ikaterereka imadula tinjira tamagetsi ta pa motherboard, tating'ono kwambiri moti n'zovuta kutilumikizanso.

Kwa amene ali ndi laputopu, kachitidwe kake n'kosiyana pang'ono. RAM yake yaifupi, ya SO-DIMM, imalowa chopendeketsa, pafupifupi madigiri 30, kenako mumaitsitsa mpaka timikono tiwiri tam'mbali titaigwira. Pochotsa mumakankhira timikonoto kunja pang'ono chabe, ndipo RAM imadzuka yokha. Timikono timeneti ndi topyapyala, tikapindika sitigwiranso bwino.  Dziwaninso kuti malaputopu ambiri opyapyala ali ndi RAM yowotcherera pa motherboard imene sichotsedwa n'komwe, ndipo mtundu watsopano wa CAMM2, umene JEDEC inavomereza mu 2023, umagona chafulati ndipo umamangidwadi ndi masikuluwu. Mtundu umenewo suli m'makina anu.

Ngati kilipi yathyokadi, musafulumire kutaya mtima. Nthawi zambiri RAM imagwirabe ntchito chifukwa cha kupana kwa tizitsulo tam'kati tija, malinga ngati kompyutayo sikusunthidwa kawirikawiri, koma ndi bwino kuisamutsira mu slot ina ngati ilipo. Ngati muli ndi RAM ziwiri pa motherboard ya ma slot anayi, onani buku lake, chifukwa ambiri amafuna kuti zikhale mu slot yachiwiri ndi yachinayi kuchokera pa purosesa, ubongo wa kompyuta umene nthawi zambiri umakhala pansi pa fani. Mukabwezera zonse koma kulirako n'kupitirira, yesani RAM imodzi payokha mu slot iliyonse, kuti mudziwe ngati yawonongeka ndi RAM kapena slot. Mukatero mutiuze dzina la motherboard yanu ndi mmene ikulirira, kaya ndi kulira kwakutali kobwerezabwereza kapena kwakufupi, chifukwa tanthauzo la kulirako limasiyana malinga ndi amene anapanga makinawo.