Yuan ikatsika akwiya ndi a ku America, kwacha ikatsika olira ndife

Achemwali ena amene amaoda nsapato ku Guangzhou, mzinda wa ku China, anditumizira imelo: "Bwanji America imakwiya China ikafooketsa ndalama yake, pomwe ife kwacha ikagwa timalira? Nanga ndizilipira m'madola kapena m'mayuan?"

Achemwali, mwandiponda pachilonda. Mu Novembala 2023 ndinali nditalipira theka la mtengo wa zikwama za ana asukulu, lotsalalo ndidzamalize katundu akamakwera sitima. Dola inali pa K1,180, kutacha tinangomva kuti yafika pa K1,700. Mwini fakitale sanakweze mtengo ngakhale pang'ono, koma ine ndinagulitsa njinga yanga yamoto kuti ndiwombole zikwamazo. Mpaka lero mayi a kunyumba akaona njinga yofiira ikudutsa amangondiponyera diso.

Ife timagula, China imagulitsa, nkhani yagona pamenepo. Yuan, ndalama ya ku China, ikafooka, nsapato ya ku Guangzhou imatchipa ku New York, mafakitale a ku America n'kusowa owagula. Kwa zaka zingapo mpaka 2005, Beijing inamangirira yuan pa 8.28 pa dola imodzi, a ku Washington akungodandaula. Pa 5 Ogasiti 2019, nkhondo ya misonkho pakati pa America ndi China ili mkati, yuan inadutsa 7 pa dola, ndipo tsiku lomwelo boma la Trump linalengeza kuti China ikuchita chinyengo pa ndalama yake. Mu Januwale 2020, kutatsala masiku awiri kuti asainirane mgwirizano wa zamalonda, mlandu uja unafufutidwa. Chinyengo chanji chotha chifukwa anthu agwirana chanza? Ine ndimati chinali chibonga chonenerera mtengo basi, ndipo palibe angandisinthe maganizo.

Japan ndiye inalawa kale. Mu 1985, pa msonkhano wa ku Plaza Hotel ku New York, inavomera kuti dola itsike. Dola imene inkagula mayeni (ndalama ya ku Japan) pafupifupi 240, patangotha chaka inkagula cha m'ma 150, magalimoto a ku Japan n'kudula kunja. Mukuganiza kuti a ku Beijing anali m'tulo? Mnzako akapsa ndevu umasamala zako.

Nanga mulipire bwanji?

Funsani mitengo yonse iwiri, wa mayuan ndi wa madola, muyerekeze, chifukwa ena amawonjezerako kangachepe pa mtengo wa madola. Ndipo musasiye ngongole yaikulu ya ndalama zakunja muli ndi makwacha okhaokha m'thumba.