Poi wamoto: yambani ndi sokosi, parafini abwere pambuyo

Mmodzi mwa owerenga watilembera imelo yomwe mwachidule ikuti: "Ndinaona anyamata akuvina usiku kunyanja akupukusa moto pamatcheni, ndipo zinandilowa mumtima. Ndapanga zanga ndi waya, kunsonga ndamangako sanza. Kodi ndiviike m'petulo kapena m'parafini? Mwezi wamawa kuli ukwati wa mchimwene wanga, ndikufuna ndikavine kumeneko."

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanakhwatche machesi. Petulo ayi. Waya ndi sanza ayi. Moto wa mwezi wamawa nawonso ayi, ngakhale kuvina kokha mukhoza kukavina, ndipo tifikako.

Chomwe munaonacho dzina lake ndi poi. Dzinali ndi luso lomwe zinachokera kwa anthu a mtundu wa Māori ku New Zealand. Poi wawo ndi kampira kopepuka kokulungidwa ndi masamba a chomera cha m'madambo chotchedwa raupō, komangidwa pachingwe chopota ndi ulusi wa chomera china chotchedwa harakeke, ndipo amene amavina naye kwambiri ndi amayi, m'magule a kapa haka, nyimbo ikuyimbidwa, kampirako kakumenyedwa padzanja kuti kamveke kugunda. Mulibe moto m'mwambo umenewo. Moto unabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1900, kwa ovina pofuna kusangalatsa alendo. Mfundo imeneyi si ya mbiri chabe. Luso lonse la poi limakhala m'manja, ndipo likhoza kuphunziridwa mpaka kumapeto popanda dontho la mafuta. Moto suwonjezera luso lililonse. Umangochotsa mwayi wolakwitsa.

Tengani masokosi awiri aatali, ngati a osewera mpira. Mu sokosi iliyonse ikani mpira wa tenisi, kapena kajumbo ka mpunga wa magalamu 100 mpaka 150 komanga bwino. Mpunga ndi wabwinopo: mpira wa tenisi umalemera magalamu osakwana 60, choncho suukoka chingwe mokwanira kuti dzanja limve pomwe mutu wa poi uli, komanso ukakumenyani pamphuno umapweteka. Kumwamba mangani mfundo yogwirira. Utali woyenera ndi kuchokera m'chikhatho kufika m'khwapa mutatambasula mkono. Mukaimirira manja ali pansi, mutu wa poi usakhudze nthaka. Poi wamfupi kwambiri amathamanga ndipo sakupatsani nthawi yoganiza, pomwe wamtali amakwapula pansi ndi kukulunga miyendo.

Sabata ziwiri zoyamba n'zotopetsa, ndipo ambiri amazidumpha, n'chifukwa chake amadzakodwa pambuyo pake. Imani m'kanjira kopapatiza, kapena pakati pa khoma ndi chingwe choyanikira zovala, muzipukusa mapoi onse awiri chakutsogolo m'mbali mwanu ngati matayala a galimoto. Zigongono zikhale pafupi ndi thupi, ntchito igwiridwe ndi dzanja osati phewa. Mapoiwo azilowera kutsogolo kwanu n'kumagundana, kapena kukukwapulani m'mabondo, chifukwa dzanja limakonda kupendekera mkati lokha. Mankhwala ake ndi kutembenuza zikhatho pang'ono kuti ziloze pansi ndi kunja, kenako kuchepetsa liwiro. Liwiro limabisa zolakwika. Amene amapukusa pang'onopang'ono chingwe chili chowongoka ndiye akudziwa.

Mukatero chitaninso chakumbuyo. Kenako phunzirani kapukusidwe ka mitundu iwiri: mitu yonse kufika pansi pamodzi, ndi mitu kusinthana, wina ali m'mwamba wina ali pansi, ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Kusinthanaku ndiye maziko a pafupifupi chilichonse chokongola chomwe munaona kunyanja kuja. Dzanja lanu lofooka lidzatsalira, ndipo liyenera kupatsidwa mphindi zake lokha, linzake lili kumsana.

Mayina a masitayilo tiwasiya momwe alili, kuti muwapeze mukamafufuza mavidiyo pa YouTube. Yoyamba yomwe imaoneka ngati gule weniweni ndi three-beat weave. Yambani ndi poi mmodzi m'dzanja lamanja: azungulire kamodzi kumanja kwanu, awolokere kumanzere n'kuzungulira kawiri, kenako abwerere. Dzanja lamanzere lichite chimodzimodzi motembenuza. Mukaphatikiza awiri, dzanja lililonse limadutsa pamwamba pa linzake popita kutsidya, kenako pansi pake, kenako n'kubwerera kwawo. Nenani mokweza kuti "pamwamba, pansi, kwathu". Chomwe chimavuta apa n'chakuti manja amatalikirana ndipo zingwe zimakulungana pamikono. Manja akhale moyandikana ngati amangidwa ndi mpango umodzi, ndipo chiuno chizitembenukira pang'ono mbali yomwe mapoi ali. Ena amaigwira tsiku limodzi, ena sabata zitatu, ndipo imabwera mwadzidzidzi. Yachiwiri ndi butterfly: mapoi onse kutsogolo kwanu, akuzungulira mosemphana, manja ali pafupi. Kuti mitu isawombane, dzanja limodzi likhale pamwamba pang'ono pa linzake. Pambuyo pa izi phunzirani kutembenuka thupi lonse mapoi akuzungulirabe, ndiponso kuimitsa poi mwadala osakumenyani. Kuimitsaku kumaoneka kopanda ntchito ndi sokosi, koma ndi moto ndi kumene kumakupulumutsani.

Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha. Ndipo muyeso woti mwakonzeka kuganiza za moto si masiku a pakalendala. Ndi uwu: mutha kuvina nyimbo yathunthu, mukuyenda ndi kutembenuka, osayang'ana manja, osadzimenya ngakhale kamodzi, ndipo mwachita zimenezi maulendo ambiri motsatizana. Kwa munthu wolimbikira zimatenga miyezi ingapo.

Tsopano za zida zomwe mwapanga. Sanza za thonje zimapsa pamodzi ndi mafuta, zimasasuka, ndipo zidutswa zoyaka zimathothoka n'kuuluka. Waya akapindidwapindidwa pamalo amodzi amathyoka mosachenjeza, makamaka atatentha. Ngozi yoopsa kwambiri pa poi wamoto si kupsa kwa wovina, koma mutu woyaka kuduka n'kukagwera pakati pa anthu kapena padenga laudzu. Poi wamoto weniweni ali ndi mutu wa nsalu ya Kevlar, yomwe imamwa mafuta koma siyaka msanga ndipo sisungunuka. Kawirikawiri ndi lamba wa Kevlar wa masentimita 5 m'lifupi, wopindidwa kapena wokulungidwa n'kubooledwa ndi bawuti yokhala ndi diso. Kuchokera pamenepo pali tcheni chachitsulo chomwe mphete zake ndi zowotcherera, kachitsulo kozungulira koletsa tcheni kupotana, ndi chogwirira chachikopa kapena cha Kevlar. Mphete za makiyi zija musaziike paliponse, zimatseguka zikakokedwa. Ngati Kevlar simungamupeze, dikirani. Ogulitsa zida za poi pa intaneti alipo, ndipo mmodzi wakale ndi Home of Poi wa ku Christchurch.

Mukapeza zidazi, vinani nazo masana osayatsa kwa sabata zingapo. N'zolemera kuposa sokosi ndipo tcheni sichitamuka, choncho kamvekedwe kake m'dzanja n'kena. Mitu yomwe inayakapo kale imasiya mwaye, ndiye valani malaya oyera akale: dontho lakuda lililonse ndi malo omwe mukanapsa.

Nkhani ya petulo ndi ya nthunzi. Chimene chimayaka si madziwo koma mpweya womwe amatulutsa. Petulo amatulutsa mpweya woyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, ndipo mpweyawo ndi wolemera kuposa womwe timapuma, motero umayenda chapansipansi mpaka kukapeza moto uli patali, n'kubwerera nawo kuchigubu. Parafini amayamba kutulutsa mpweya wotere akafunda kufika madigiri 38 kapena kuposerapo, n'chifukwa chake koloboyi amafuna chingwe kuti ayake. Koma madigiri 38 si patali kwathu kuno. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa Okutobala kumatentha kuposa pamenepo, ndiye chitini cha parafini chisakhale padzuwa. Gulani parafini pamalo odalirika, ndipo ngati akununkha petulo musamugwiritse ntchito. Parafini ali ndi zovuta zake: utsi wakuda, fungo lokakamira, kuterera akadonthera pasimenti, komanso akagwera pansalu amayaka nthawi yaitali. Choncho ndi wa panja pokha, padothi kapena pamchenga.

Kayatsidwe kake kali chonchi. Mafuta akhale m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro, mamita osachepera 10 kuchokera pomwe mukuvinira, mbali yomwe anthu sadutsa. Viikani mitu yokha, osati tcheni, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Itulutseni idonthere m'chitinimo, vundikirani. Kenako chotsani mafuta otsala: pitani pamalo opanda anthu ndi moto, mupukuse mwamphamvu chapansi mpaka madontho atasiya kutuluka, kapena finyani mituyo ndi chinsalu chakale. Amene amadumpha gawo ili amawaza madontho oyaka pamsana pake ndi pa oonerera m'masekondi oyamba. Pukutani manja. Yatsirani pamalo ovinira, ndipo amene wayatsayo achoke ndi machesi ake.

Kuyatsa muli nokha n'koletsedwa. Pakhale munthu mmodzi, wosamwa mowa tsikulo ngati inu nomwe, amene ntchito yake ndi kukuyang'anani basi, osajambula pafoni. M'manja agwire thaulo lalikulu la thonje lonyowa koma lofinya. Moto ukagwira kumsana inu simuuona, ndiye iye azifuula dzina la malowo, "mwendo!" kapena "tsitsi!", ndipo ngati simunauzimitse nokha ndi dzanja nthawi yomweyo, akuphimbeni ndi thaulolo n'kukanikiza, osati kukupiza. Pafupi pakhale ndowa ya madzi ya mabala, ndi ndowa ya mchenga kapena chozimitsira moto chaufa cha mafuta. Madzi pa parafini woyaka amangomwaza motowo.

Zovala zikhale za thonje lokhuthala, jinzi ndi malaya ogwira thupi. Nayiloni ndi poliyesita zimasungunuka n'kumatirira pakhungu, ndipo bala lake limalowa mkati kuposa la lawi lenilenilo. Zovala zambiri za pakaunjika ndi zitenje zotchipa n'zosakaniza, ndiye werengani kachikwangwani ka m'khosi, kapena dulani kachidutswa mukayatse: thonje limasanduka phulusa, pulasitiki imapanga kachibulumwa kolimba. Achemwali, apa pali nkhani ya kumutu. Meshi, wigi ndi tsitsi lolukira logula nthawi zambiri ndi pulasitiki yomweyo, ndipo mafuta odzola ndi opopera m'tsitsi amathandiza moto. Masulani, nyowetsani tsitsi lanu, mumange duku ya thonje mothina, nsonga zake mutazilowetsa mkati.

Ulendo woyamba udzakudabwitsani ndi phokoso. Moto ukamadutsa pakhutu umalira ngati mphepo yamkuntho, ndipo kuwala kwake kumachititsa kuti musaone chilichonse kunja kwa bwalo lanu. Thupi limafuna kuthamangitsa manja. Chitani zophweka zokha, kupukusa m'mbali ndi weave, ngakhale mukudziwa zambiri. Mukaima, musalole mapoi alendewere pansi pa manja chifukwa lawi limakwera kutsata tcheni. Muziwagwedeza uku ndi uku kapena tambasulani mikono. Mapoi akakulungana pamkono, chomwe chimaotcha kwambiri ndi chitsulo, osati lawi, ndiye tsitsani mkono, masulani chogwirira, zigwe pansi. Mitu imayaka mphindi zitatu kapena zisanu. Lawi likayamba kuchepa, ikani pathaulo mnzanu akulunge mpaka utsi utasiya. Mukadikira kuti izime yokha, Kevlar ndiye amayamba kunyeka ndipo sakhalitsa. Isiyeni izizire musanaviikenso, ndipo musanayatse ulendo uliwonse kokani mutu, bawuti ndi mphete iliyonse mwamphamvu kuona ngati china chakhwepa. Kukakhala mphepo yamphamvu, kapena udzu wouma wa m'chilimwe uli pafupi, tsikulo palibe moto.

Mukapsa, thirani madzi ozizira oyenda pabalapo kwa mphindi 20, vulani mphete ndi zibangili pasanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta ophikira musapakepo. Bala lalikulu kuposa chikhatho chanu, kapena la kumaso, m'manja ndi molumikizira mafupa, ndi la kuchipatala. Kulavula moto m'kamwa, ngati munaonanso zimenezo, ndi nkhani ina ndipo sitikukulangizani: parafini pang'ono akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa. Ndipo kunyumba musamusunge m'botolo la zakumwa pomwe ana angafikire.

Za ukwati, mwezi umodzi ukhoza kukwanira kugwira weave, butterfly ndi kutembenuka. Paukwati pali ana othamanga, madiresi a nayiloni, matenti ndi anthu omwa, choncho ngakhale katswiri amafuna bwalo lotchingidwa lotalikirana ndi anthu mamita angapo mbali zonse. Inu sokerani michira ya nsalu yopepuka, yaitali mita imodzi, kumitu ya masokosi anu, ya mtundu wa zovala za operekeza akwati. Ngati phwando lifika usiku, ikani katochi kakang'ono ka LED mu sokosi yoyera iliyonse, mutakakulunga ndi siponji kuti kasakupwetekeni, ndipo pemphani a DJ azimitse magetsi a pabwalo nyimbo yanu ikamayamba.