Kusankha pulofesa wa kadyedwe woti ayang'anire kafukufuku wanu

Mayi, mwafunsa ngati ndi nzeru kupempha pulofesa wina wa kadyedwe kuti ayang'anire kafukufuku wanu wa digiri yachiwiri, pomwe mbiri yawo imene yunivesite inalemba ikuonetsa kuti digiri yawo yoyamba siinali ya kadyedwe, komanso mndandanda wa zimene amati amafufuza ndi wautali moti simukudziwa ntchito yawo yeniyeni. Nkhawa yoyambayo ichotseni. Yachiwiriyo ndi imene ndikufuna muiganizire mofatsa, chifukwa ndi imene idzaumbe zaka zanu zonse za maphunziro.

Akatswiri ambiri odziwika pa kadyedwe anayambira kwina. A Marion Nestle, amene anatsogolera dipatimenti ya kadyedwe pa New York University kuyambira 1988 mpaka 2003, anatenga PhD yawo ku Berkeley mu 1968 pa molecular biology, sayansi ya tizinthu ting'onoting'ono ta m'maselo a zamoyo, ndipo digiri ya zaumoyo wa anthu anadzaitenga mu 1986. A Barry Popkin a ku University of North Carolina, amene anafotokoza mmene kadyedwe ka anthu kamasinthira dziko likamatukuka ndipo anthu akamasamukira m'mizinda, PhD yawo ndi ya zachuma cha ulimi, ya ku Cornell. A Walter Willett, amene anatsogolera dipatimenti ya kadyedwe pa sukulu ya zaumoyo ya Harvard kuyambira 1991 mpaka 2017, ndi dokotala wa zamankhwala amene anamaliza ku University of Michigan mu 1970, ndipo anaphunzitsako ku Dar es Salaam asanadzipereke pa kafukufuku wa zimene zimayambitsa matenda pakati pa anthu ambiri. Palibe amene anganene kuti anthu amenewa sadziwa za kadyedwe.

Komabe maphunziro amene munthu anayambira ali ndi phindu lalikulu kwa inu, chifukwa amakuuzani mtundu wa mafunso amene munthuyo amafunsa ndiponso njira imene amaikhulupirira powayankha. Wochokera ku zachuma amafunsa chifukwa chake anthu amagula zimene amagula. Wochokera ku labotale amafuna kudziwa chimene chimachitika m'magazi ndi m'chiwindi chakudya chikalowa m'thupi. Dokotala wa zaumoyo wa anthu amawerenga odwala ndi osadwala, n'kufufuza kusiyana kwa kadyedwe kawo. Onsewa pa mbiri yawo angalembe mawu ofanana, monga kunenepa kwambiri, matenda a shuga kapena kuchepa kwa magazi, koma wophunzira wa aliyense amathera tsiku lake pa ntchito yosiyana kotheratu ndi ya mnzake.

Chitsanzo chimene chimaonetsa zimenezi bwino ndi nkhani ya zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale. A Carlos Monteiro a ku University of São Paulo anayamba kuilankhula mu 2009, ataona pa ziwerengero za zimene mabanja a ku Brazil ankagula kuti shuga ndi mafuta ophikira zinkagulidwa mochepa kusiyana ndi kale, koma zakudya za m'mapaketi zinkachuluka, ndipo kunenepa kunkakwera. Kuchokera pamenepo panabadwa njira yotchedwa NOVA, yogawira zakudya m'magulu anayi potengera mmene zakonzedwera. Patapita zaka khumi, a Kevin Hall, amene PhD yawo ndi ya fizikisi, anayesa nkhani yomweyo ku National Institutes of Health ku America mwa njira ina. Anasunga akuluakulu 20 m'chipatala cha kafukufuku kwa milungu inayi. Kwa milungu iwiri aliyense ankapatsidwa zakudya za m'mafakitale, milungu ina iwiri zakudya zosakonzedwa kwambiri, ndipo ankaloledwa kudya mmene afunira, zotsala m'mbale n'kumayezedwa pa sikelo. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2019 zinaonetsa kuti pa zakudya za m'mafakitale anthuwo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku. Mutu ndi umodzi, koma wophunzira wa woyambayo amakhala katswiri wa ziwerengero za mabanja zikwizikwi, pamene wa wachiwiriyo amakhala katswiri woyeza thupi la munthu mmodzimmodzi.

Ntchito ya a Willett nayo ikuphunzitsa zomwezo. Kafukufuku wa Nurses' Health Study anayamba mu 1976 ndi anamwino oposa 120,000, ndipo mu 1980 anawonjezeramo pepala la mafunso a zakudya. Pa pepalalo pamakhala mndandanda wa zakudya, ndipo pa chilichonse munthu amachonga kuti m'chaka chathachi ankachidya kangati, kuyambira pa kusadya konse kapena kosakwana kamodzi pamwezi mpaka kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo patsiku. Njira imeneyi inathandiza kuonetsa mu 1993 kuti mafuta otchedwa trans, amene amapangika mafuta a zomera akamalimbitsidwa m'mafakitale, amagwirizana ndi matenda a mtima, koma ili ndi malire ake odziwika: anthu amaiwala zimene anadya, ena amabisa, ndipo kuona kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi sikutsimikizira kuti china chikuyambitsa chinzake. Pulofesa wabwino amawatchula yekha malire a njira yake m'zolemba zake, ndipo ineyo ndimamukhulupirira kwambiri wotereyo kuposa amene zotsatira zake zonse zimaoneka zopanda banga.

Choncho malangizo anga ndi akuti musiye kaye mndandanda wa pa mbiri yawo, popeza nthawi zambiri umalembedwa kamodzi n'kukhala zaka osakonzedwanso. Lembani dzina la apulofesawo pa PubMed kapena pa Google Scholar, masamba a pa intaneti ofufuzirapo zolemba za akatswiri, musankhe zolemba za zaka zisanu zapitazi zokha, ndipo pa chilichonse muyambe kuwerenga gawo lofotokoza njira imene anagwiritsa ntchito, zotsatira zibwere pambuyo. Mukatero pa zolemba zisanu ndi chimodzi kapena khumi, mudzadziwa ngati amagwira ntchito ndi magazi, ndi mafunso a pa pepala, ndi makoswe a mu labotale kapena ndi ziwerengero zimene anthu ena anasonkhanitsa kale. Kenako dzifunseni moona mtima ngati ntchito imeneyo ndi imene mukufuna kuidziwa, chifukwa luso limenelo ndi limene mudzatuluke nalo ndi kukafunira ntchito.

Onaninso malo amene dzina lawo lili pa mndandanda wa olemba. M'sayansi ya zaumoyo, dzina loyamba kawirikawiri limakhala la amene anagwira ntchito yaikulu, ndipo lomaliza limakhala la mtsogoleri wa gulu. Ngati dzina la apulofesawo lili kumapeto, ndipo kumayambiriro kukubwera mayina osiyanasiyana a ophunzira awo chaka ndi chaka, chimenecho ndi chizindikiro chakuti amalera anthu mpaka ntchito yawo kusindikizidwa. Ngati dzina lawo limangopezeka pakati pa mayina makumi awiri, mutu umenewo mwina si wawo, anangothandizako. Chiwerengero cha anthu amene atchula ntchito yawo musachipatse ulemu wopitirira, pakuti chimakula ndi zaka zimene munthu wakhala pa ntchito, ndipo sichinena chilichonse za mmene amasamalira wophunzira.

Kumapeto kwa cholemba chilichonse kumakhala ndime ya zilembo zing'onozing'ono yonena amene anapereka ndalama za kafukufukuyo, ndipo pa nkhani ya kadyedwe ndime imeneyi si yoidumpha. Mu 2016 akatswiri a ku University of California, San Francisco anatulutsa m'magazini ya zamankhwala ya JAMA Internal Medicine makalata akale oonetsa kuti bungwe la makampani a shuga lotchedwa Sugar Research Foundation linalipira asayansi a ku Harvard kuti alembe ndemanga imene inatuluka mu New England Journal of Medicine mu 1967, yopeputsa mbali ya shuga pa matenda a mtima ndi kuloza chala mafuta, ndipo owerenga sanauzidwe za ndalamazo. Sindikunena kuti aliyense wolandira thandizo la kampani ndi wachinyengo, ayi, koma muyenera kudziwa ngati funso lanu lidzaloledwa kupita kumene umboni ukulozera. Fufuzaninso pa Retraction Watch, tsamba la pa intaneti lotchula zolemba zimene magazini a sayansi anazichotsa, ngati pali zolemba za apulofesawo zimene zinachotsedwa. Mu 2018 Cornell inapeza kuti pulofesa wake wina wotchuka pa nkhani ya khalidwe la anthu pakudya, a Brian Wansink, anaphwanya malamulo a kafukufuku, ndipo zolemba zawo zambiri zinachotsedwa pamodzi ndi mayina a anzawo amene analemba nawo. Chimene chimandiwawa pa nkhani zoterezi ndi wophunzira amene anagwira ntchito mokhulupirika n'kudzaona chipatso chake chikufafanizidwa.

Zotsalazo simungazipeze pa intaneti. Pezani wophunzira mmodzi kapena awiri amene anamaliza pansi pa apulofesawo, muwafunse kuti chaputala chikatumizidwa chinkabwerera patapita nthawi yaitali bwanji, ankakumana kangati, ndipo anamaliza pa nthawi yake kapena ayi. Ngati kafukufuku wanu adzakhudza anthu, makamaka ana kapena amayi oyembekezera, funsani msanga za chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, chifukwa kudikira chilolezocho kungadye miyezi imene digiri yachiwiri ilibe.

Mukakhutira, alembereni apulofesawo kalata yaifupi. Tchulani cholemba chawo chimodzi chaposachedwa chimene mwawerenga, munene funso limene chinasiya losayankhidwa ndi mmene inu mungaliyesere, kenako mufunse ngati ali ndi malo a wophunzira chaka chino ndiponso ngati zipangizo kapena ziwerengero za ntchitoyo zilipo kale.