Kwa achimwene opita ku Congo: za magalasi oteteza maso

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu pakamodzi: magalasi oti mupite nawo ku Congo ku ntchito yosungitsa mtendere, nsapato, komanso ngati magalasi omwewo mungamaseweretsenso paintball (masewera owomberana ndi timipira ta utoto) mukabwera kutchuthi. Za nsapato ndawasiyira ena. Ine ndiima pa maso, chifukwa mayankho ena omwe anthu akupatsani andidetsa nkhawa, makamaka aja akuti ingogulani akuda ooneka olimba bola akukwaneni. Amene akunena zimenezo sanaonepo munthu atagwira diso magazi akutuluka m'mipata ya zala.

Dziwiranitu kuti magalasi amenewa saimitsa chipolopolo. Cha AK-47 chimatuluka mumfuti pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi, ndipo palibe galasi lokhala pamphuno lomwe lingalimbane nacho. Wogulitsa akakuuzani kuti ake amaimitsa chipolopolo, ingotulukani mushopumo. Zomwe amatchinga ndi tinthu ting'onoting'ono touluka: tizidutswa ta bomba, timiyala ndi dothi zomwe zimanyamuka bomba likaphulika, tizitsulo tonjanja chipolopolo chikamenya khoma kapena galimoto, makoko otentha ochokera mumfuti ya mnzanu wa kumanzere, ngakhale nthambi za m'nkhalango poyenda usiku. Maso a asilikali amawonongeka kwambiri ndi zimenezi.

Ndiye musanayang'ane dzina la kampani, atembenuzeni muwerenge zomwe zadindidwa pagalasi ndi mkati mwa timiyendo topita kumakutu. Mukaona Z87+, umenewo ndi muyezo wa ku America wa magalasi a pantchito, ANSI Z87.1. Kamtanda ka kumapetoko ndiye nkhani yake, chifukwa kamasonyeza kuti galasilo analiwombera ndi kampira kachitsulo ka mamilimita 6 pa liwiro la mamita pafupifupi 45 pa sekondi, osasweka. A ku Ulaya amalemba EN166, ndipo chilembo F chimafanana ndi zomwezi. Chilembo B ndi cha mamita 120 pa sekondi, koma chimenecho mudzachipeza pa magogo aja omata nkhope okhala ndi lamba, osati pa magalasi a timiyendo. Miyezo iwiriyi ndi yabwino kwa kalipentala kapena wodula zitsulo ndi girainda. Kwa inu ndi poyambira chabe.

Chomwe mukufuna ndi muyezo wa usilikali: MIL-PRF-31013, kapena watsopano womwe unalowa m'malo mwake, MIL-PRF-32432. Ena amalembanso STANAG 2920, womwe ndi wa NATO. Pa MIL-PRF-31013 galasi amaliwombera ndi kachitsulo kooneka ngati kachidutswa ka bomba pa liwiro la mamita pafupifupi 200 pa sekondi. Kachitsuloko nkopepuka kuposa kampira kaja, koma chifukwa cha liwirolo mphamvu yake imaposa ya Z87+ pafupifupi maulendo 7. Asilikali a ku America ali ndi mndandanda wotchedwa APEL wa magalasi omwe anayesedwa n'kuvomerezedwa, ndipo umapezeka pa intaneti. Funafunani mndandandawo, ndipo mtundu womwe mukufuna kugula ukakhala kuti ulimo, mwayamba bwino. Mayina omwe mudzakumane nawo kwambiri ndi ESS, Revision, Oakley, Wiley X ndi Smith.

Koma chidindo chokha musachikhulupirire, ndipo apa mpamene ndikufuna mundimvetsetse. Tsiku lina tili kurenji, malo ophunzirira kuwombera, tinkawombera zitsulo zija zimalira chipolopolo chikamenya. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anavala magalasi omwe anagula kwa mavenda m'tauni. Anali okongola, dzina lotchuka lili pambali, Z87 yomwe itadindidwa bwinobwino. Kachidutswa kochokera pa chitsulo cha mnzake wa pambali kanabwerera n'kumenya galasi la kumanja. Kukula kwake kanali ngati njere ya mapira. Galasi lenileni la polycarbonate, pulasitiki yolimba yomwe amapangira magalasi otetezawa, likamenyedwa ndi kanthu kotero limangofwaphika, kachidutswako n'kukanirira pomwepo kapena kugwa pansi. Lakelo linaphwanyika, tizidutswa takuthwa n'kulowa mkati. Madokotala anachotsa pulasitiki ya galasilo m'diso mwake yambiri kuposa chitsulo. Lero diso limenelo limangoona kuwala basi, ndipo anali mnyamata wowombera bwino kuposa tonse pamzere umenewo. Kuyambira pamenepo, munthu akandionetsa magalasi a dzina lalikulu omwe wagula pamtengo wa chakudya chamasana, ndimamuuza mosapsatira kuti awasiye kunyumba. A feki ndi oopsa kawiri: amakupatsa mtima woti watetezeka, kenako iwo omwewo ndi amene amakubaya.

Ndiye feki mumuzindikira bwanji? Mtengo ndiye umayamba kuulula. Magalasi omwe kwawo amagulitsidwa madola 100 sangafike ku Lilongwe kapena ku Limbe n'kutsika kufika madola 10. Chachiwiri, samalani ndi aja obwera m'kachikwama ali ndi magalasi osinthira asanu, lofiirira, labuluu, lonyezimira ngati kalilole, zonse pamtengo wozizira. Enieni kawirikawiri amabwera ndi awiri kapena atatu basi. Gwirani galasilo m'mphepete: lenileni ndi lochindikala mamilimita 2 kapena kuposerapo pang'ono. Livaleni muyang'ane mzere wowongoka monga felemu ya chitseko, muziyendetsa mutu pang'onopang'ono. Mzerewo ukamapindika kapena kuvina, galasilo ndi lachabechabe, ndipo lidzakupweteketsani mutu n'kukusokonezani poloza. Onaninso mmene galasi lagwirira mufelemu. Galasi lolimba lomwe limaguluka likangokankhidwa ndi chala silithandiza, chifukwa lidzalowa lonse m'diso. N'chifukwa chake miyezo ija imayesa galasi ndi felemu zili pamodzi, ndipo si bwino kuika galasi la kampani ina mufelemu ya kampani ina ngakhale zitakwanana.

Nkhani ina yomwe palibe waitchula pano ndi nthunzi. Kum'mawa kwa Congo, kumadera ngati Beni, mvula ndi yambiri ndipo m'nkhalango muli chinyezi. Mwavala chisoti, mwavala chovala chotchinga zipolopolo, katundu ali kumsana, thukuta lili kamukamu. Magalasi akachita nthunzi munthu amawavula n'kuwakweza pachisoti, ndipo ngozi simadikira kuti awabwezeretse. Choncho mankhwala oletsa nthunzi omwe anapakidwa mkati mwa galasi muwatenge ngati chinthu chachikulu. Pa EN166 chilembo N chimasonyeza zimenezi, pomwe K ndi cha kusakalika msanga. Ine ndimakonda ESS Crossbow pa chifukwa chomwechi. Amachedwa kuchita nthunzi, amakuta bwino m'mbali, ndipo kusintha galasi n'kosavuta ngakhale manja ali ndi matope. Ndi amene ndimauza aliyense wondifunsa. Revision Sawfly nawonso ndi abwino, ndipo ali ndi masaizi osiyana, zomwe zimathandiza anthu a nkhope yaing'ono kapena yotakata. Mphuno zathu zambiri ndi zophwatalala pamwamba, ndiye magalasi ena amatsikira pamasaya n'kutseka mpata wa mpweya, nthunzi n'kuyamba pomwepo. Ngati n'kotheka ayeseni kaye, chisoti chili kumutu. Mugwedeze mutu, muwerame, muloze ngati muli ndi mfuti muone ngati felemu ya pamwamba sikukutchingani mukagona chafufumimba. Ngati mumavala zotchingira m'makutu zija zokuta khutu lonse, funani a timiyendo topyapyala. ESS ali ndi felemu yotchedwa Suppressor yopangidwira zimenezi. Timiyendo tonenepa timakweza chotchingiracho, phokoso n'kumalowa, komanso timapweteka kuseri kwa khutu.

Pa mtundu wa galasi, ambiri amathamangira lakuda chifukwa ndi lomwe limaoneka bwino pachithunzi. Lomwe mudzaligwiritse ntchito kwambiri ndi loyera loonekera. M'nkhalango mumakhala mdima ngakhale masana, ndipo usiku, m'bandakucha ndi madzulo lakuda silivalika. Tengani awiri, loyera ndi lotuwa. Lachikasu limathandiza kukakhala chifunga koma si lofunikira kwenikweni. Onyezimira ngati kalilole asiyeni, amang'anima patali ndipo akuluakulu anu mwina sangawalole. A polarized, aja ochepetsa kunyezimira kwa dzuwa pamadzi, ndi abwino kunyanja powedza, koma amadetsa sikirini ya GPS, ya wailesi ndi ya foni. Dzuwa lisakudetseni nkhawa: polycarbonate imatchinga cheza choipa cha UV ngakhale ikhale yoyera. Ndipo poti ntchito yanu ndi yokumana ndi anthu, mukamalankhula ndi mafumu kapena amayi pamsika, galasi loyera limathandiza. Anthu amamasuka akamaona maso a amene akulankhula naye.

Ngati mudzikhala pamwamba pa galimoto yankhondo kapena pafupi ndi pomwe helikopita imatera, onjezerani magogo a lamba, monga ESS Profile NVG kapena Revision Desert Locust. Magalasi a timiyendo satchinga fumbi lolowera pansi ndi m'mbali.

Mitengo ndiitchula m'madola chifukwa kwacha imasinthasintha. ESS Crossbow kapena Revision Sawfly okhala ndi magalasi awiri ali cha m'ma madola 90 mpaka 130. Wiley X ali cha momwemo, mitundu ina kutsikirapo. Oakley SI M Frame amayambira cha m'ma 150 kumka m'mwamba, ndi abwino ndithu koma ndalama ina mukulipira dzina. Magogo ndi cha m'ma 100. Ku South Africa konzekerani ma randi 2,000 mpaka 3,500, kutengera shopu. Njira yomwe ndimaidalira ndi kutuma m'bale wa ku Joni kapena ku UK kuti akagule mushopu yeniyeni ya mfuti kapena ya zida za asilikali, yomwe kampaniyo inaivomereza, abwere ndi lisiti ndi bokosi lake. Zogula kwa munthu wa pa Facebook yemwe akuti anazitenga kwa msilikali wina, ayi. A kaunjika ochokera kwa asilikali akunja amapezeka, ndipo felemu ikhoza kukhala yeniyeni, koma simudziwa kuti galasilo lakhala padzuwa zaka zingati kapena linatsukidwa ndi chiyani. Mukatenga otero, gulani galasi latsopano, ndi cha m'ma madola 25 mpaka 40. Musanatulutse ndalama iliyonse, funsani kaye kwa QM, wosunga ndi kugawa katundu wa asilikali, ngati pa katundu wa ulendowu pali magalasi, muwaone chidindo. Ndipo ndalama ikavuta, bola a Bollé kapena Uvex enieni a Z87+ kapena EN166 F ochokera mushopu yogulitsa zovala zodzitetezera pantchito, a madola 10 kapena 20, kusiyana ndi feki wa dzina lalikulu. Sakufika pa muyezo wa usilikali, koma chomwe alemba ndi chomwe ali. Ngakhale mutagula odulawo, ikani amodzi oterewa m'chikwama ngati sipeya.

Kasamalidwe nakonso kamapha magalasi ambiri. Ku Congo mudzidzola mankhwala othamangitsa udzudzu, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi DEET, yomwe imadya pulasitiki. Mukadzola, sambani m'manja musanagwire magalasi. Petulo, thinasi, mankhwala ochotsera penti ya zikhadabo ndi mafuta otsukira mfuti zisayandikire galasi, chifukwa zimalifooketsa ngakhale pamaso likuoneka bwino. Musamapukute ndi malaya galasi lili ndi fumbi. Tsukuluzani ndi madzi kaye, kenako kansalu kake kofewa, ndipo mkati musakhulemo kuopa kuchotsa mankhwala a nthunzi aja. Galasi likamenyedwa mwamphamvu kamodzi, kapena mukaona kamng'alu ngakhale kakang'ono pafupi ndi pomwe limagwira felemu, lasiya ntchito, lisintheni.

Ngati muli ndi vuto la maso, musadalire mandala a kuchipatala okha, ndipo musawavale pansi pa magalasi a timiyendo. Mitundu yomwe ndatchulayi ili ndi kafelemu kolowetsa mkati, komwe mumapita nako kwa opima maso kuti akuikiremo magalasi a muyezo wanu. Auzeni aike a polycarbonate. Chitani zimenezi nthawi ikadalipo, chifukwa anthu ena amamva chizungulire masiku oyamba.

Tsopano za paintball. Yankho ndi ayi, ndipo amene wakuuzani kuti magalasi a usilikali amakwana zonse wakusokeretsani. Kampira ka paintball kamalemera magalamu pafupifupi 3 ndipo kamathamanga mamita pafupifupi 90 pa sekondi. Galasi likhoza kupirira, koma kampirako kakaphulika, utoto ndi tizikoko take zimalowera m'mipata ya pansi ndi ya m'mbali, ndipo kakhoza kukankha magalasi onse kuwachotsa pankhope pomwe kachiwiri kali m'njira. Mano ndi makutu nazonso zili pamtetete. Pamafunika chigoba chonse cha paintball cha muyezo wa ASTM F1776, makamaka cha magalasi awiri ophatikiza omwe sachita nthunzi. Malo ochitira masewerowa amabwereketsa, ndiye simufunika kugula ngati mumangosewera patchuthi, koma chiyang'aneni ngati chilibe mng'alu, ndipo musachivule muli m'bwalo ngakhale mwatuluka m'masewero.

Airsoft, masewera owomberana ndi timipira tapulasitiki, nayo ili ndi msampha wake, ngati anzanu amaseweranso imeneyo. Kampira ka magalamu 0.20 pa liwiro la mamita 100 pa sekondi kali ndi mphamvu ya joule imodzi, yomwe yaposa kale ija amayesera EN166 F, ndipo mfuti zambiri zimaposa pamenepo. Ndiye pamafunika magogo omata nkhope a chilembo B kapena a muyezo wa usilikali, lamba atamangidwa. Magogo a usilikali omwe ndatchula aja amakwana pa airsoft, mungowonjezera chotchinga pakamwa. Aja a waya wa sefa, omwe anyamata amawakonda chifukwa sachita nthunzi, musawavale ndipo musalole mwana wanu awavale: kampira kotchipa kakamenya wayayo kamasweka, tizidutswa take n'kudutsa m'timabowo kulowa m'diso.