Mapiritsi a BP asintha maonekedwe, mayi akukana kumwa

Achemwali ena andilembera kuti mayi awo amamwa amlodipine, mankhwala a BP, koma mwezi uno kuchipatala awapatsa mapiritsi ooneka mosiyana, opangidwa ku India. Mayi akuti ndi ofooka, akufuna a ku famase okwera mtengo.

Achemwali, mawu oti "a ku India ndi ofooka" amandiwawa. Kampani ikatulukira mankhwala, lamulo limaipatsa zaka pafupifupi 20 kuti izipanga yokha. Zikatha, ena amaloledwa kupanga, malinga aonetse kuti mankhwala awo amalowa m'magazi mofanana ndi oyambawo. Chosiyana ndi utoto, chikutiro ndi dzina la pabokosi. Amlodipine 5 mg ndi yemweyo, kaya bokosi lalembedwa Norvasc (dzina lomwe kampani yoyamba inawapatsa) kaya ayi. Ndi monga panado: tonse timatchula choncho paracetamol aliyense wa 500 mg, mutu n'kuleka bwinobwino.

Ndipo tisamaiwale msanga. Ma ARV aulere atayamba kuno ku Malawi mu 2004, piritsi lomwe linadzutsa anthu pamphasa linali Triomune wa kampani ya Cipla ya ku India. Ena omwe lero akunyoza India ali moyo chifukwa cha piritsi lomwelo. Chimatisokoneza ndi mtengo: chaulere timachiona chachabechabe, chodula ndiye champhamvu. Madokotala nawonso ali ndi mlandu, amangoponya kapepala ka mapiritsi pawindo osanena kuti kampani yasintha.

Mankhwala ofooka alipo ndithu, koma ndi aja a pamsika ndi pa depoti, otentha ndi dzuwa tsiku lonse, otha masiku, osalembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala.

Muchite chiyani?

Yerekezani dzina lenileni la mankhwala (monga amlodipine) ndi ma mg pa paketi yakale ndi yatsopano. Zikafanana, amwe monga kale. Chenjerani kuti asamwe zonse ziwiri poganiza kuti ndi mankhwala osiyana. BP imatsika kwambiri, chizungulire n'kuwagwetsa. Zilembo ngati SR kapena XL zikasowa kapena kuwonjezeka, bwererani nawo kuchipatala, chifukwa mapiritsi a zilembo zimenezi amatulutsa mankhwala pang'onopang'ono m'thupi. Mankhwala a khunyu monga carbamazepine, komanso warfarin woletsa magazi kuundana, musasinthe kampani osauza dokotala. Kenako muwayezetse BP pakatha masabata awiri, manambalawo aone okha.