Kodi lantana angathamangitse chiswe?

FUNSO: Alangizi, chiswe chandithera timitengo ta mango ndi chimanga m'kadimba kanga kuseri kwa nyumba. Anzanga olankhula Chishona akuti ndisinje mbarapati, tchire lija lawirira m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi. Kodi zimathandizadi?
Mayi wa ku Mbare, Harare

YANKHO: Zimathandiza mayi, koma madzi ake amangoingitsa chiswe. Sapha chulu, chifukwa mfumukazi yoikira mazira imakhala pansi pomwe madziwo safika.

Mbarapati ndi lantana. Anachokera ku Amereka, ndipo malamulo a Zimbabwe amamuwerengera m'gulu la zomera zowononga. Choncho thyolani ndithu, koma musabzale.

Tengani masamba aawisi makilogalamu 2, muwasinje mu mtondo umene simusinjiramo chakudya. Anyikeni m'malita 10 a madzi, ndiye theka la chigubu chija cha malita 20, muvundikire pamthunzi usiku ndi usana wathunthu. Sefani ndi nsalu, musungunuliremo kachidutswa ka sopo wochapira kuti madziwo alowerere bwino. Kenako palani njira zadothi zimene chiswe chamata pa tsinde mpaka agang'a aonekere, fukulani pang'ono mozungulira, muthire lita imodzi pa kamtengo kalikonse. Makoko otsala mu nsalu akwirireni pomwepo. Masamba a deliya kapena a indya, amene kuno amati syringa, amakonzedwa chimodzimodzi.

Ambiri amalakwitsa nthawi. Akathira masana, dzuwa la Okutobala limapha mphamvu ya mankhwalawa msanga, ndiye thirani madzulo. Bwerezani sabata iliyonse, komanso mvula yamphamvu ikangogwa. Madzi ogonera masiku angapo amawola, musasunge. China n'chakuti chiswe chimathamangira mbewu yofooka ndi ludzu. Mango osathiriridwa adyedwabe ngakhale muthire kangati, ndipo mapesi ouma ogundana ndi tsinde ndi mlatho wake. Asunthireni patali ngati chikhatho chimodzi.

Samalani pothyola, valani magolovesi poti lantana ali ndi timinga ndipo amayabwa. Zipatso zake zosapsa ndi za indya n'zapoizoni kwa ana, masamba a lantana amawononga chiwindi cha ng'ombe. Njere zotsala muziwotche, chifukwa mukataya kudzala zimera.

Chiswe chikafika ku mitengo ya denga kapena m'mafelemu a zitseko, masamba sangathe. Pamenepo itanani akatswiri opopera mankhwala m'nyumba.