Mapazi akuwotcha koma akuti palibe vuto

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti mapazi amawawotcha usiku ngati aponda makala, koma atayezedwa mitsempha ndi makina amagetsi anauzidwa kuti zonse zili bwino. Akufunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino.

Mutu wanu uli bwinobwino, mayi. Kalata yanu yandikhudza chifukwa inenso ndinadutsa momwemo. Zaka ziwiri ndinkagona mapazi ali kunja kwa bulangete, poti nsalu ikangokhudza zala ndinkamva ngati akundibaya ndi singano. Pakati pa usiku ndinkadzuka n'kukhala m'mphepete mwa bedi, mapazi pasimenti pozizira, mkazi wanga akungondiyang'ana, kusowa chonena. Dokotala wina anati ndi nkhawa chabe, ndizipuma mokwanira. Ndinabwerera kunyumba ndikudzikayikira. Ndimanenetsa: kuuza munthu amene sakugona ndi ululu kuti vuto lili m'mutu mwake usanafufuze mokwanira ndi kumulakwira.

Makina amagetsi aja amayeza mitsempha ikuluikulu yokha. Yomwe imanyamula ululu, kutentha ndi kuzizira ndi timitsempha ting'onoting'ono totchedwa A-delta ndi C, tothera m'khungu, ndipo makinawo satiwona n'komwe. Timathandizanso pa thukuta, n'chifukwa chake mapazi anga anauma mpaka kung'aluka.

Za shuga ndiye zinandipweteka kwambiri. Shuga wa m'mawa ndisanadye ankatuluka bwino nthawi zonse, aliyense n'kumati nkhani ya shuga tiisiye. Kenako anandimwetsa magalamu 75 a shuga wotchedwa glucose, n'kundiyeza shuga wa m'magazi patatha maola awiri: 9.2 mmol/L. Kuyambira 7.8 mpaka 11.0 ndiye kuti thupi layamba kulephera kuwongolera shuga ngakhale matendawo sanafike, ndipo timitsemphati titha kuyamba kuwonongeka nthawi imeneyi.

Zoti mupemphe

Pemphani kuyeza kwa maola awiriko pamodzi ndi HbA1c (kuyeza kosonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi miyezi iwiri kapena itatu yapitayo), yomwe ikakhala pakati pa 5.7% ndi 6.4% ndi chenjezo. Ayezenso vitamini B12, makamaka ngati mumamwa mankhwala a shuga a metformin, komanso chithokomiro ndi HIV, ndipo ngati mumamwa mowa nenani poyera. Chotsimikizira ndi kudula kachikopa ka mamilimita atatu pamwamba pa kakolo n'kuwerenga timitsempha totsala. Ine kabala kake kanapola pasanathe milungu iwiri, ndipo tsiku lomwe ndinamva zotsatira ndinalira.